Kodi mainjiniya amaphunzirapo kanthu zipupa zotchinga madzi zikagumuka?

Namondwe wa Katrina atawomba mzinda wa New Orleans ku America mu Ogasiti 2005, madzi anamiza pafupifupi 80 peresenti ya mzindawo. Ofufuza anapeza kuti zipupa zina za m'mbali mwa ngalande, monga ya 17th Street, zinagwa madzi asanafike n'komwe pamwamba pake, chifukwa maziko ake anazikidwa m'dothi lofewa limene mainjiniya analiyesa lolimba. Boma linawononga ndalama zoposa madola 14 biliyoni pomanganso chitetezocho, ndipo namondwe wa Ida atafika mu 2021 zipupazo zinapirira, ngakhale kuti magetsi anazima mumzinda wonse.

Choncho ine ndikuona kuti mainjiniya amaphunzira ndithu, koma phunzirolo limagwira ntchito pokhapokha ndalama zikalitsatira. Kuno ku Nkhotakota, madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 anasamutsa mabanja ambiri ku Dwangwa ndi kudula msewu wa M5. Amene amayenda mumsewuwu amadziwa mmene mapaipi a pansi pa msewu amadzazira mchenga ndi zinyalala mpaka madzi kuyamba kudya phula cham'mbali, ndipo zoterezi sizifuna munthu wa digiri kuti azione.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti milatho yambiri anaiyezera mvula ya kale, pamene mitengo inali isanathe m'madera momwe mitsinje ya Bua ndi Dwangwa imadutsa. Kumanganso mlatho pa msinkhu womwewo n'kotchipa chaka chino, koma ndife tomwe amene tidzaulipirenso ukadzakokoloka.