Mafuta atasowa pa Kamuzu Road ndinakathera mu laibulale

Amene mukupita ku Nkhotakota kudzera ku Salima, nyamukani ku Lilongwe m'mamawa. Msewu wa M14 ndi wa makilomita pafupifupi 100 ndipo suvuta kwenikweni. Mavuto amayambira pa Kamuzu Road ku Salima, posinthira galimoto kuti mulowe M5. Minibasi yomwe ndinakwera pamenepo inatilandira ndalama kaye, kenako dalaivala n'kutulutsa chigubu, akuti akukasaka mafuta. Zimandinyansa kwambiri zimenezi. Munthu ukudziwa kuti thanki ndi youma, ukutengeranji ndalama za anthu?

Dzuwa la ku Salima silichita masewera. Foni inali itatha moto, malo okhala panalibe. Mayi wina wogulitsa madzi ozizira atandiona ndikuzungulirazungulira anati, "Achimwene, galimoto imeneyi sinyamuka pano. Pitani ku laibulale mukapume, mwana wanga amawerengera komweko." Wakabaza anandilipiritsa K1,000, ndipo ndinamupempha kuti adzanditenge dalaivala akabwera.

Mayi woyang'anira laibulale anandilandira ngati amandidziwa kale. Anandilozera posiya chikwama ndi pomwe pali nyuzipepala za tsikulo, osafunsa kuti ndine ndani kapena ndagula chiyani. Magetsi anali atazima, mawindo onse ali otsegula. Ana a sekondale anali atadzaza matebulo, atatu buku limodzi la sayansi lomwe chikuto chake anachimata ndi selotepi.

Koma zomwe zandichititsa kulemba zinachitikira pakhonde. Panali madala awiri. Mmodzi, wovala jekete ngakhale kunkatentha chotero, anali atapempha nyuzipepala kuti akawerengere panja poopa kusokoneza ana. Mnzakeyo anali ndi ndodo, maso ake otuwa ndi ng'ala. Wajeketeyo ankawerenga ndime imodzi m'Chingerezi chapansipansi, chala chikuyenda pamzere, kenako n'kudzutsa mutu n'kuifotokoza m'Chichewa. Inali nyengo yokolola, ndipo nkhani inali ya mitengo yoyambira kugulira mbewu imene boma limalengeza chaka chilichonse.

"Aphunzitsi, tabwerezani pa thonjepo," anatero wandodoyo.

Anabwereza. Mkuluyo anatchula mtengowo kawiri pakamwa pake kuti usamuthawe, n'kunena kuti, "Venda akabwera ndi sikelo yake andipeza ndikudziwa." Kenako anafunsa za mpunga ndi chimanga. Atamaliza, aphunzitsiwo anapinda nyuzipepala ija bwinobwino m'mizere yake n'kukaibweza ndi manja awiri. Nditawapatsa moni anandiuza kuti anapuma ntchito kalekale, ndipo ndalama ya penshoni siingakwane kugula nyuzipepala tsiku ndi tsiku. "Mwana wanga, kuno timawerenga tonse, wolemera ndi wosauka," anatero.

Bungwe la National Library Service, lomwe limayang'anira malaibulale a boma, linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wopeza nkhani zomwe boma likusunga, ndipo lamulo lothandiza kuti ufuluwu ugwire ntchito, lomwe linasainidwa mu 2017, linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020 anthu atalimenyera nkhondo zaka zambiri. Ndi zinthu zonyaditsa. Koma mlimi wa thonje uja sangalembe kalata ku ofesi yopempha chikalata. Ufulu wake unamufikira chifukwa panali nyumba yotsegula, nyuzipepala yosagulitsa, ndi mnzake wodziwa Chingerezi. Chimodzi mwa zitatuzi chikanasowa, akanangomvera za venda.

Anzanga m'tauni amakonda kunena kuti masiku ano zonse zili pafoni. Foni yake iti? Bandulo ikutha usanamalize n'komwe kutsegula tsamba, ndipo zambiri zimene zimafika kumudzi kudzera pa WhatsApp ndi mphekesera. Chomwe chimandiwawa n'chakuti nkhani zokhudza mlimi, za mitengo, za feteleza, za malo, zimatuluka kwambiri m'Chingerezi, pomwe wolima mwiniwakeyo amaganiza ndi kuwerengera ndalama zake m'Chichewa kapena m'Chiyao. Komanso laibulale ikakhala pa boma, mwana wa ku Thavite kapena ku Khombedza ayenera kupeza kaye ya thiransipoti asanaone buku.

Ine ndinatenga buku lakale la mbiri ya Malawi, masamba ake achikasu, n'kuwerenga za Jumbe wa ku Nkhotakota, yemwe ankawolotsa akapolo panyanja kupita nawo kugombe la kum'mawa kwa Africa, ndi za David Livingstone amene anakumana naye mu 1863. Ndinali ndisanamalize mutuwo pomwe wakabaza anaimba belu panja.

Za msewu wa M5 ndilibe zambiri. Tinapanikizana anayi pampando, tinadutsa pa Benga, pa mlatho wa Chia anyamata anatithamangira ndi nsomba m'manja. Mukafuna kugula pamenepo nenererani, mtengo woyamba si weniweni, ndipo yang'anani makha ngati ali ofiira. Tinalowa mu Nkhotakota kutada.

M'mawa mwake ndinakaona mkuyu umene amati Livingstone ndi Jumbe anakambirana pansi pake. Panali anyamata awiri a sukulu, ndipo nditawafunsa za Jumbe anati dzinalo analimva m'kalasi koma buku lake sanaligwirepo. Ndinawafotokozera zomwe ndinawerenga dzulo lake, mpaka pomwe ndinalekezera.

Ambirife tili ndi makatoni a mabuku kunyumba, a ana omwe anamaliza sukulu, akungodyedwa ndi chiswe. Mukamapita kunyanja ku Senga Bay, ikani katoni imodzi m'galimoto mukaisiye ku laibulale. Mabuku a sekondale a sayansi ndi masamu ndiwo ndinaona ana akulimbirana, ndipo a Chichewa anali ochepa kwambiri pashelefu.