Timitu takale ta sitima tandimasulira phunziro la mota

Teremu ino phunziro limene landisowetsa tulo ndi la mamota a magetsi. Mayeso oyamba ndinalakwa, ndipo funso limene linandigwetsa linali looneka lophweka: n'chifukwa chiyani mota ya DC (ya magetsi oyenda mbali imodzi) yolumikizidwa mwa series (mawaya ake olumikizidwa motsatizana) imakhala ndi mphamvu zochuluka poyamba kuzungulira? Ndinali nditaloweza fomula yonse, koma tanthauzo lake silinalowe m'mutu. Aphunzitsi pobweza mapepala anangondiuza kuti ndisiye kuloweza, ndikafufuze mmene mutu wa sitima umanyamukira ndi katundu. Ndinkayesa akundinyoza. Usiku womwewo ndinayamba kuwerenga, ndipo ndinakathera ku America, pa timitu ta sitima timene tina tinapangidwa agogo anga asanakwatire koma mpaka lero tikugwira ntchito.

Kumeneko amatitcha switcher, pomwe ife otsata Chingerezi cha ku Britain timati shunter. Ntchito yake si ulendo wautali. Ndi kukoka mabogi pasiteshoni, kuwasankha, kuwalumikiza, kukasiya awiri pakhomo pa fakitale ndi kutengako atatu. Kupita kutsogolo, kuima, kubwerera, tsiku lonse.

Kamene ndinayamba nako ndi SW1, kopangidwa ndi kampani ya Electro-Motive ku La Grange, m'boma la Illinois, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 mpaka 1953. Injini yake ndi ya masilinda 6, horsepower 600 basi. Ndinaseka nditaona nambalayo, chifukwa mathiraki ena amene amadutsa pa M1 sasiyana nayo kwenikweni. Nanga kamutu kotere kangakoke bwanji mzere wa mabogi odzaza?

Apa ndi pamene cholembera chinandithandiza. Injini ya dizilo sizunguza mawilo mwachindunji. Imazunguza jenereta, jenereta imapanga magetsi, ndipo magetsiwo amapita ku mamota anayi amene ali pansi, imodzi pa ekisulo iliyonse. Palibe kilachi, palibe kusintha magiya. Sitima ikaima, mota sikuzungulira, choncho sikupanga magetsi obwerera mmbuyo otchinga amene akubwera. Magetsi amalowa mwaunyinji, ndipo popeza mu series amadutsa m'mawaya a field (mbali yosazungulira ya mota) ndi a armature (mbali yozungulira) momwemo, maginito amalimba mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Yankho la funso limene ndinalakwa lija linali limenelo. Ndinakhala chete pampando, ndikudzimvera manyazi.

Kenako ndinawerengera ndekha. Horsepower 600 ndi pafupifupi makilowati 447. Ukagawa ndi liwiro la makilomita 10 pa ola, umapeza mphamvu yokoka yofanana ndi kulemera kwa matani pafupifupi 16, tisanachotse zotayika m'njira. Ndipo wilo lachitsulo panjanji yachitsulo silivuta kugubuduza ngati tayala pamsewu. Ukachepetsa liwiro, mphamvu yokoka imakwera. Koma ili ndi malire amene sindinawaganizirepo: mawilo akhoza kungoterera. Panjanji youma, mutu umakoka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, ndiye chifukwa chake SW1 imalemera matani pafupifupi 90 ndipo imanyamula mchenga wothira kutsogolo kwa mawilo kukagwa mvula. Kulemera kumene ndinkati ndi ulesi wa opanga akale ndiko kumagwira ntchito.

Nkhani imene inandisangalatsa koposa si ya magetsi n'komwe. General Electric inapanga kamutu kotchedwa 44-tonner kuyambira 1940 mpaka 1956, kokhala ndi kanyumba ka woyendetsa pakati ndi injini ziwiri, nthawi zambiri za Caterpillar, ina kutsogolo ina kumbuyo. Bwanji matani 44, osati 45 kapena 50? Mu 1937 makampani a njanji ndi mabungwe a ogwira ntchito anagwirizana kuti mutu wa dizilo wolemera mapaundi 90,000 kapena kuposa uzikhala ndi munthu wachiwiri, uja amene pa sitima za malasha ankasonkheza moto. Matani 44 a ku America ndi mapaundi 88,000. Anangochepetsa pang'ono kuti kampani ilipire munthu mmodzi. Ife m'kalasi timaphunzira ngati kuti makina amabadwa kuchokera ku masamu okha, chonsecho apa mkangano wa malipiro ndiwo unasankha kulemera kwa chitsulo.

Funso lina linali lakuti n'chifukwa chiyani timitu timeneti sanatitaye. Mu 1980 dziko la America linakhazikitsa lamulo la Staggers Rail Act, limene linamasula makampani a njanji ku malamulo ambiri a boma. Makampani akuluakulu anayamba kugulitsa nthambi zimene sizinkawapindulira, ndipo timakampani tating'ono tinazitenga. Lero timakampani totere tilipo pafupifupi 600. Tina njanji yake ndi ya makilomita ochepa chabe, yotumikira chigayo chachikulu, fakitale ya mapepala kapena nkhokwe ya tirigu. Njanji zambiri zotere n'zokalamba, ndipo pa zofooka kwambiri lamulo salola sitima ya katundu kupitirira mamailosi 10 pa ola. Wogula mutu watsopano wa horsepower 4,000 kuti uziyenda ngati njinga ndiye kuti ndalama zamuyabwa. Kamutu kakale kotsika mtengo kamakwana, ndipo kamakhota bwino m'makona opanikiza a m'mafakitale.

Koma mtengo wokha sukanakwanira pakanapanda masipeya. Injini ya Electro-Motive yotchedwa 567, imene ili mu SW1, ndi ya two-stroke (imawotcha mafuta nthawi iliyonse pisitoni ikakwera), ndipo nambalayo ndi kukula kwa silinda imodzi, ma cubic inch 567, kapena malita oposa 9. Silinda iliyonse imazulidwa payokha pamodzi ndi pisitoni ndi mutu wake, n'kuikapo ina, osatsitsa injini yonse. Anazipanga zambirimbiri, motero amakaniko sasowa pogwira. Zinzake zinavutika: Baldwin inasiya kupanga mitu ya sitima mu 1956, ALCO ya ku Schenectady mu 1969. Komabe pali ouma mutu. Kampani ya SMS Rail Lines ku New Jersey inadziwika chifukwa choyendetsabe ma Baldwin patapita zaka zambiri fakitale yake itasiya. Aliyense amene anaonapo mmene amakaniko a ku Ndirande amaphera galimoto imodzi kuti ziwiri zikhale ndi moyo akhoza kumvetsa mmene zimenezi zimathekera.

Sindikuti timitu timeneti ndi angelo. Timafuka utsi, timadontha oilo, ndipo chifukwa madzi oziziritsa injini sathiramo mankhwala oletsa kuundana, m'nyengo yachisanu nthawi zambiri amasiya injini zikulira usiku wonse, dizilo akungopsa. Munthu wokhala pafupi ndi siteshoni sangatikonde ngati mmene ndikutikondera ine pa foni.

Chinandidabwitsa n'chakuti nkhaniyi inandibweretsa kwathu. Pamene njanji ya Malawi inaperekedwa kwa Central East African Railways mu 1999, gulu limene linaitenga linkatsogoleredwa ndi Railroad Development Corporation ya ku Pittsburgh, eni ake a kampani ya njanji ya ku America yotchedwa Iowa Interstate Railroad. Ndipo mitu ina imene Malawi Railways inagula ku Canada inapangidwa ndi fakitale ya ku Montreal imene inkapanga injini za mtundu wa ALCO. Njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067 pomwe yawo ndi 1,435, koma jenereta ndi mota zimagwira chimodzimodzi.

Mayeso achiwiri ali Lachinayi. Ndajambula kale mzere wa mphamvu yokoka motsutsana ndi liwiro katatu m'kope langa, ndipo kachitatuko sindinayang'ane m'buku. Loweruka ndikufuna kukaima pafupi ndi njanji ku Limbe, ndikamve ndi makutu anga mmene injini imalirira mabogi asanasunthe.