Jezi ija sindiitaya

Lachiwiri usiku, magetsi azima kale, ndikulemba pa foni.

Zakometetsa zija zikukana kuchoka m'mutu. Ndinapita ndi mwana wanga wamwamuna kuti akamete pafupi ndi msika kuno ku Bangwe, ine nditavala jezi yanga ya Ntopwa, ija ndinagula mu 2019, chaka chomwe timu yathu inayamba kusewera mu Super League. Yafwifwa tsopano, nambala ya kumsana inayamba kumatuka m'mbali. Wometayo ndi mnyamata wa Maule (Bullets) wotheratu, khoma lonse anamata zithunzi zofiira. Atangondiona anazimitsa makina.

"Bigi, jezi imeneyi idakalipo? Apatseni alamu azikolopera m'nyumba."

Anthu amene anali pa benchi anafa nacho chiseko. Ine ndinangoti meteni mwanayu tizipita. Koma iye anali atayamba kale, akuwerenga ndi zala: 2018, 2019, 2021, 2022, 2023, ligi kasanu motsatizana. Kenaka za 2023, zikho zonse zinayi pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa. "Nanga inu muli ndi chiyani, achimwene? Munalowa, munatuluka, basi. Mwakula inu, sankhani timu yoti izikupatsani tulo."

Sananame ayi. Tinatulukadi mu 2021. Mu Super League mumakhala matimu 16, atatu a kunsi amatsika, ndipo ife tinali m'gulu la otsikawo. Zonsezo ndikuzidziwa kuposa iyeyo, chifukwa ndinazionera ndi maso anga pamene iye amangomvera pa wailesi.

Chandipweteka si mawu ake. Ndi mwanayu. Ali pampando paja, nsalu ili m'khosi, tsitsi theka litametedwa, anandiyang'ana pagalasi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Adadi, ine mudzandigulire ya Maule." Sananene mwachipongwe. Ananena ngati munthu amene wakhala akuzisunga mumtima kwa nthawi yaitali, lero wapeza anthu omuikira kumbuyo. Ndinasowa chonena. Ndinalipira, tinatuluka.

Tikubwerera sitinayankhulane. Iye patsogolo akumenya kabotolo ndi phazi, ine pambuyo ndikukangana ndi wometa uja mumtima, kumuuza zonse zimene ndinalephera kunena.

Ndikanamuuza kuti mpira wa m'munsi sauonera pa TV. Umapita wekha. Nthawi zina bwalo lake ndi lopanda mpanda, chingwe chokha chimasiyanitsa osapota ndi osewera, fumbi likakwera goloboyi wa mbali inayo osamuona bwinobwino. Mnyamata akagwa umamva kubuula kwake. Akaphonya chigoli umamukalipira ndi dzina lomwe amamuitana kwawo, ndipo amatembenuka n'kukuyang'ana, chifukwa amakudziwa. Mmodzi mwa anyamata amene ndinkawaonera, mayi ake ndimagula nawo tomato. Tsiku lina titagonja anandiwonjezera awiri osanena kanthu. Kodi zoterezi ungazifotokoze bwanji kwa munthu amene akukuwerengera zikho ndi zala?

Ndikanamuuzanso kuti matimu akuluakuluwo osewera awo sagwa kumwamba. Amayambira m'mabwalo a fumbi omwewa, ku Bangwe, ku Ndirande, ku Chilomoni, m'maboma umu. Ife timamuona mwana akusewera ndi nsapato zobwereka, akangoyamba kuwala akuluakulu amabwera n'kumutenga, mawa lake anthu a ku Kamuzu Stadium akuimba dzina lake ngati anamulera okha. Sindiwakwiyira anyamatawo, mpira ndi ntchito, kwawo akufuna ufa. Koma pamafunika wina woti atsale kuyang'anira munda pamene ena akudya zokolola.

Ndipo akamati tilibe kanthu, atsikana athu aja bwanji? Mu 2023 timu ya amayi ya Ntopwa ndi imene inaimira Malawi ku Durban pa mpikisano wa COSAFA wolimbirana malo mu CAF Women's Champions League, mpikisano womwe munalinso Mamelodi Sundowns. Ana a m'makwalala omwe ano kukwera ndege! Izi ndazikumbukira nditafika kale pakhomo. Nthawi zonse mayankho abwino amabwera mkangano utatha.

Madzulo mayi a mwanayu anaona kuti nsima sikuyenda, ndinawafotokozera. Iwo akuti, "Bambo ake, musamukakamize. Anzake onse ku sukulu ndi a Maule kapena Manoma, mukufuna azikasekedwa yekha?" N'zoona. Matimu amenewo ndi akale, anayamba m'zaka za m'ma 1960, agogo anasiyira ana, ana n'kusiyira zidzukulu. Yathuyi ndi ya dzulodzuloli, ilibe agogo oisapota. Ngati ine sindimusiyira mwanayu, ndiye adzaisapota ndani ife tikadzatopa kuima padzuwa?

Mwina cholakwa ndi changa. Ndamutengako ku mpira kawiri kokha, ndipo ulendo wachiwiri tinabwerako titanyowa ndi mvula, iye akunjenjemera, ine nditakhala duu njira yonse. Chimene anaona tsiku limenelo ndi bambo wokwiya basi. Sanaone chimene chimandibwezera kumeneko sabata yotsatira.

Ndamusuzumira posachedwapa, wagona chafufumimba, mutu uli mbuu ndi paudala wa kometa kuja. Jezi ndaichapa, ndaiyanika pampando. Ya Maule ija ndimugulira mwezi ukatha, sindimana mwana chimene mtima wake wafuna. Koma masewero akubwerawa ndimufunsa ngati angandiperekeze. Ndimugulira nzimbe, tikaime kuseri kwa golo komwe kumamveka mawu a goloboyi akukalipira anzake. Akakana, kaya. Batire latsala pang'ono.