Pholo la nyale limadwalira kumapazi

Lachiwiri lapitali aphunzitsi athu a zomangamanga anatibwezera mapepala, ine ndinapeza 11 pa 25. Funso linali lakuti tijambule pholo la nyale ya sola lotalika mamita 8, loti liyikidwe m'mbali mwa msewu wa m'tauni, titchule ziwalo zake zonse ndi kufotokoza chifukwa chimene tasankhira chilichonse. Poti ine mtima wanga uli ku zamagetsi, ndinathera masiku awiri ndikuwerengera mawati a nyale, kukula kwa batire ndi kunenepa kwa waya. Pholo lenilenilo ndinangolijambula ngati ndodo yoyimirira, n'kulemba pambali kuti "chitsulo". Pansi pa pepala panga aphunzitsi analembapo mawu atatu okha ndi cholembera chofiira: "Mphepo ili kuti?"

Poyamba zinandiwawa, ndinaona ngati akungondipezera chifukwa. Nditapita kukadandaula, anandipatsa mpando n'kunena kuti, "Tatengani pepala muwerengere nokha, ine ndingokupatsani nambala imodzi." Nambalayo inali 0.613. Ukaichulukitsa ndi liwiro la mphepo, kenako n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo, umapeza mphamvu imene mphepoyo ikukankhira chinthu cha mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Ndinayamba ndi mphepo yothamanga mamita 15 pa sekondi, ndinapeza ma newton 138, omwe ndi ngati kulemera kwa makilogalamu 14. Kenako anati ndiyese mamita 30 pa sekondi, amene ndi makilomita 108 pa ola. Ndinkayembekeza kuti yankho liwirikiza kawiri basi, koma linatuluka 552, kuwirikiza kanayi. Ndiye kuti panelo ya sola imene ndinaikhazika pamwamba pa ndodo yanga ija, tsiku la mkuntho imakankhidwa ngati munthu wamangirira thumba la simenti kunsonga n'kumalikokera chammbali. Ndipo thumbalo lili mamita 8 kuchokera pansi. Aliyense amene anamasulapo nati ya tayala la minibasi polowetsa paipi yaitali ku sipanala akudziwa chimene utali umachita. Mphamvu yaing'ono kunsonga imafika patsinde itachulukitsidwa ndi utali wonse wa pholo. Nyale ya LED payokha ndi kanthu kopepuka, munthu amainyamula ndi dzanja limodzi. Ntchito yaikulu ya pholo ndi kulimbana ndi mphepo, usana ndi usiku, kwa zaka makumi angapo.

Nditamvetsa zimenezi, maonekedwe a mapolo amene ndakhala ndikuwadutsa moyo wanga wonse anayamba kundimvekera. Ndi onenepa kumunsi n'kumawonda chokwera, ngati mtengo wa bulugama, chifukwa kumunsiko ndi kumene mphamvu yopinda imasonkhana, pamene kunsonga chitsulo chochuluka chingangowonjezera kulemera ndi mtengo wogulira. Ndi amphako ngati nsungwi chifukwa chinthu chikamapindika, chimene chimagwira ntchito ndi khungu lakunja, pakati pamangokhala phee. Chitsulo cha khungulo nthawi zambiri ndi mamilimita 3 kapena 4 basi. Ambiri amene timawaona m'misewu yatsopano ali ndi mbali 8: amatenga chitsulo chafulati, kuchidula chosongoka, kuchipinda pa makina mpaka m'mbali zikumane, n'kuwotcherera msoko kuchokera pansi kufika pamwamba. Akale ena ndi mapaipi awiri kapena atatu osiyana kukula olowetsana, ukawayang'ana amaoneka ngati eriyo ya wailesi.

Mtundu wa zopangira sitinakhalitsepo, ndipo nanenso sindikhalitsapo. Aluminiyamu ndi wopepuka ndipo sachita dzimbiri lofiira, koma ndi wodula komanso akuba amamukonda. Konkire salowa chiswe, saola, koma kulemera kwake kumafuna kireni, ndipo galimoto ikamuomba zinthu sizikhala bwino kwa amene ali m'kati. Mtengo wothiridwa mankhwala ndi umene tinauzolowera pa mawaya a magetsi, ndipo malo ambiri nyale amangoimangirira pomwepo ndi kamkono kachitsulo. Aliponso a faibala, pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi, amene sadutsa magetsi. Koma chitsulo choviikidwa mu zinki ndiye chafala, ndipo kuviikako ndi nkhani yomwe ija ya malata athu ofolerera nyumba. Pholo lonse lathunthu amalimiza m'chithaphwi cha zinki wosungunuka, wotentha pafupifupi madigiri 450, kuti alowe kunja ndi m'kati momwe. Muyezo wa kaviikidwe ka zitsulo mu zinki, ISO 1461, umafuna kuti pa chitsulo chonenepa kupitirira mamilimita 3 mpaka 6, khungu la zinkiyo likhale la ma micron 70, kunenepa kwake ngati tsitsi limodzi la munthu. Moyo wonse wa pholo wagona pa katsitsi kameneko.

Apa ndi pamene ndinakumbukira zimene ndinaona chaka chatha ndili pa atachimenti ku kampani ina yokonza nyale, zimene nthawi imeneyo ndinangoziona osazimvetsa. Pafupifupi theka la mita kuchokera pansi, pholo lachitsulo limakhala ndi kachitseko. M'kati mwake ndi mmene mumakumana kebulo yochokera pansi pa nthaka ndi waya wokwera kunyale, muli fyuzi kapena kabuleka, ndiponso bawuti yomangapo waya wa efi kuti magetsi a mavoti 230 akathawira kuchitsulo, asaphe mwana wotsamira pholo podikira basi. Kachitsekoko ndi bowo limene ladulidwa pamalo pomwe pholo likufunika mphamvu kwambiri. Ndi chifukwa chake muyezo wa ku Ulaya wa mapolo a nyale, EN 40, umafuna kuti powerengera kulimba aziwerengera pakhomo pomwepo mwapadera, ndipo opanga ambiri amawotcherera zitsulo zolimbitsa m'mphepete mwa bowolo. Ine pa chojambula changa kachitseko ndinakajambula bwino, ndi loko yemwe, koma sindinaganize n'komwe kuti ndadula fupa la msana.

Kampani ija inatopa ndi akuba mawaya, ndiye lamulo linabwera kuchokera ku ofesi loti zitseko zonse tizizitseka ndi kuwotcherera. Ine ndinali wogwira jenereta ndi kupereka ndodo zowotcherera. Ndimakumbukira utsi woyera umene unkatuluka, ndi ufa woyera wotsalira m'mbali mwa msoko. Ameneyo anali zinki akupsa. Kapitawo wathu, bambo wachikulire amene ankayenda ndi kahamala m'thumba la ovolosi, ankangopukusa mutu. Tsiku lina anandiitana pa pholo limene linawotchereredwa mvula ziwiri zapitazo.

"Mwanawe, tabwera kuno. Gogoda apa."

Ndinagogoda pamwamba pa chitseko, linalira ngati belu la kusukulu.

"Tsopano gogoda apa, munsimu."

Linangoti phu, ngati ndamenya chidebe chodzaza mchenga. Anakumba pang'ono patsinde ndi sikuludiraiva, dzimbiri n'kumagwa makoko ngati nkhanambo. Kumwamba konse pholo linali lonyezimira ngati lagulidwa dzulo.

"Bambo, ndiye ligwa?"

"Lero ayi. Lidikira mphepo."

Nthawi imeneyo mawuwo ndinangowatenga ngati kuyankhula kwa akuluakulu. Pano ndikuona kuti anali kundiuza masamu omwewo a 0.613, kungoti iwo anawaphunzira ndi hamala. Pamalire a nthaka ndi mpweya ndi pamene pamakhala chinyezi chosatha ndi mpweya wokwanira kuti dzimbiri lidye bwino. Pomwepo ndi pamene agalu amakodzera, ndi anthu ena ochokera kumowa omwe, ndipo mkodzo umadya zinki. Pomwepo anthu amasesera zinyalala n'kuziyatsa moto. M'kati namo madzi amatuluka thukuta usiku n'kutsikira pansi, ndipo ngati womanga anamata matope a simenti kuzungulira mbale yachitsulo ya patsinde pa pholo osasiya kanjira kotulukira madzi, pholo limakhala litaviika mapazi m'beseni chaka chonse. Kunena zoona, amene analamula zowotcherera zitseko sindiwaimba mlandu wonse, chifukwa nyale yopanda waya ndi chokongoletsa chabe. Chimene chimandipweteka n'chakuti penti wa zinki wopaka pamalo opsawo alipo ndipo sadula kufanana ndi pholo latsopano, koma palibe anatigulira.

Za maziko tinaphunzira njira ziwiri. Yoyamba ndi kudzala pholo m'dzenje ngati mtengo, mbali ina n'kukwiririka. Yachiwiri ndi kuthira konkire momwe mwamizidwa mabawuti anayi opindika kumunsi ngati ngowe, ndipo pholo limabwera ndi mbale yachitsulo yokhala ndi mabowo anayi. Pansi pa mbale pamakhala manati oyezera, ukamawatembenuza pang'onopang'ono uku ukuyang'ana levulo, pholo limaongoka. Ubwino wake galimoto ikaligunda umangomasula manati n'kuika lina. Mabawutiwo pothira konkire amafuna thabwa lowagwira kuti asasunthe, apo ayi tsiku loimika mupeza atatu alowa, achinayi akuyang'ana kwina, ndiye anthu amayamba kukulitsa bowo ndi moto, zinki n'kupsanso. Konkire amafika pa mphamvu imene amamuwerengera pakatha masiku 28, koma ndani amadikira masiku onsewo pamene nduna ikubwera kudzatsegulira msewu Loweruka? Kukula kwa maziko kumadalira nthaka. Katondo wouma amagwira zolimba, makande a m'dambo amatupa dzinja n'kung'aluka chilimwe, ndipo nthaka iliyonse ikakhuta madzi imasiya kugwira. Amene tinali ku Blantyre mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy tinaona ndi maso mmene dothi limasandukira phala mvula ikagwa masiku angapo osakata.

Utali wa pholo umatsata kukula kwa msewu. M'njira za anthu oyenda pansi ndi m'makwalala a m'malokeshoni mamita 4 mpaka 6 amakwana, m'misewu ikuluikulu 8 mpaka 12. Mpata wa pakati pa pholo ndi linzake nthawi zambiri umakhala utali wake kuchulukitsa katatu kapena kanayi, ukapitirira pamenepo msewu umakhala wamawangamawanga, kuwala apa mdima apo, ndipo munthu wa kabaza amazimirira m'maso mwa dalaivala pamdimapo. Msewu wopapatiza amaika mbali imodzi, wotakata amaika mbali zonse mopingasa kapena moyang'anizana, ndipo wokhala ndi kachilumba pakati umalola pholo limodzi la mikono iwiri. Mkono nawo si wongokongoletsa. Umatulutsa nyale kupitirira ngalande ndi nthambi za mitengo, koma ukatalika umayamba kulipotokola pholo mphepo ikamaomba chammbali. Ndiye pali zimphona zija za mamita 20, 30 mpaka 40 za m'mabwalo a mpira ndi pamphambano zazikulu, zimene nyale zake zimakhala pa mkombero wotsitsidwa ndi chingwe, wokonza n'kumagwira ntchito ataima pansi. Mnzathu wina amene anakhalako ku Joni anatiuza kuti ku Soweto ndi malokeshoni ena amazitchula kuti Apollo, limodzi limaunikira nyumba zambirimbiri, koma kuseri kwa nyumba iliyonse kumakhala chithunzithunzi chakuda bii.

Chimene tinatsutsana kwambiri m'kalasi ndi mapolo opangidwa dala kuti agonje. Ku Ulaya kuli muyezo wa EN 12767 wa zinthu zoimikidwa m'mbali mwa msewu, ndipo pansi pake pali mapolo ena amene amaduka patsinde galimoto ikawaomba, ena amapindika n'kuikumbatira galimotoyo kuti iime pang'onopang'ono. Anyamata ambiri anasangalala nazo, amati tigule amenewo. Ine ndinakana, ndipo mpaka pano ndikukana pa misewu yathu ya m'misika. Pholo loduka limapulumutsa dalaivala pamsewu wa kutchire kumene kuseri kwake kuli udzu wokha. Pa Lunzu kapena pa Lizulu kuseri kwa pholo kuli amayi a tomato ndi ana awo kumbuyo, galimoto ikadutsa pa pholo ikupita kwa iwo, ndipo pholo lodukalo liyenera kugwera penapake. Aphunzitsi anangomwetulira, anati muyezo womwewo uli ndi magulu osiyana pachifukwa chimenechi, tikawerenge.

Andilola kubwereza ntchito ija, ndikapereke Lolemba. Ndayambira pansi ulendo uno: nthaka, maziko, mabawuti, mbale, kanjira ka madzi, chitseko ndi zolimbitsa zake, kenako kukwera. Chitseko ndachiika mbali imene wokonza akagwada azikhala akuona magalimoto akubwera. Panelo ndaiwerengera mphepo, ndipo paipi imene ndinasankha poyamba yalephera, ndatenga yokulirapo. Chandiimitsa ndi batire. Ndikaliika m'bokosi pansi, sabata siitha lisanapezeke likuyatsa wailesi kwa munthu. Ndikalikweza pamwamba pafupi ndi panelo, ndawonjezera kulemera ndi malo ogwira mphepo kunsonga komwe ndikufuna kupepuke, ndipo dzuwa la Okutobala lizilitentha tsiku lonse. Ndajambula zonse ziwiri pa mapepala osiyana, ndipo madzulo ano ndikukawaimbira foni a kapitawo aja ndimve ngati anaonapo pholo lokhala ndi batire pamwamba litapirira mvula zisanu.