Mmene ndinayambira mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi chifukwa cha zilonda za m'matumbo

Ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Santhe m'boma la Kasungu, ndipo kwa nthawi yopitirira chaka ndinkatsekula m'mimba mwamagazi, vuto limene aliyense, ngakhale ine ndemwe, ankalitcha kamwazi. Ndinamwa Flagyl ndi cipro kangapo konse, nthawi zina wongogula ndekha, koma matendawo ankangobisala masabata awiri n'kubweranso. Atanditumiza kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, anandiunika m'matumbo ndi kapaipi ka kamera, anatapako kanyama kokapima, ndipo zotsatira zinasonyeza ulcerative colitis, matenda a zilonda za m'matumbo.

Adokotala anandifotokozera kuti pa matendawa asilikali a m'thupi amaukira mwini wake n'kumatupitsa matumbo aakulu mpaka kuchita zilonda, choncho kuchiza kwake n'kuwafooketsa asilikaliwo. Anandiyambitsa sulfasalazine ndi prednisolone, ndipo ndinapeza bwino msanga, koma kawiri konse titayamba kuchepetsa prednisolone magazi anabwerera. Apa m'pamene anatchula azathioprine, mankhwala omwa nthawi yaitali. Ndinawafunsa kuti, "Nanga adokotala, asilikaliwo akafooka, adzandilondera ndani?" Iwo anayankha kuti, "Aphunzitsi, n'chifukwa chake simulandira mankhwalawa lero. Tiyambe tafufuza ngati mulibe mdani amene wagona kale m'thupi mwanu."

Mdani amene ankamunenayo ndi chifuwa chachikulu. Munthu akhoza kukhala ndi tizilombo ta TB zaka zambiri osatsokomola ngakhale pang'ono, chifukwa chitetezo chatitsekera pamalo amodzi, koma chitetezocho chikatsika timadzuka, ndipo nthawi zina sitigwira mapapo okha, timafika m'mafupa, m'matumbo ngakhale ku ubongo. Anandiuza kuti ngoziyi imakula kwambiri kwa amene akulandira mankhwala amphamvu obaya monga infliximab ndi adalimumab, komanso kwa amene akuphatikiza mankhwala awiri ofooketsa chitetezo, ngati mmene ndinali kudzachitira ine ndi prednisolone ndi azathioprine. Anandijambula pachifuwa, ndinapereka makhololo m'kabotolo kuti akawapime pa makina a GeneXpert, kenako anandifunsa modekha ngati ndinakhalapo nyumba imodzi ndi wodwala TB. Ndinakumbukira malume anga amene ndinawadwazika kwathu zaka zingapo zapitazo, tikugona nyumba ya mawindo aang'ono. Ngakhale kuti makhololo ndi chithunzi zinali bwino, chifukwa cha mbiri imeneyi anandipatsa isoniazid, mankhwala oteteza ku TB, womwa tsiku lililonse kwa miyezi 6, pamodzi ndi vitamini B6 woteteza kuti miyendo isachite dzanzi. Ndimaona kuti funso la malume lija linali lofunika kuposa makina onse a tsiku limenelo, ndipo amene akukonzekera ulendo womwewu ayenera kuliyankha mosabisa.

Anandiyezanso HIV, matenda a chiwindi a hepatitis B, kuchuluka kwa maselo a magazi ndi mmene chiwindi chikugwirira ntchito. Za katemera ananena mwachidule kuti wokhala ndi tizilombo tamoyo, monga wa yellow fever ndi wa chikuku, ndisalandire ndili pa mankhwalawa.

Nditayamba azathioprine anandichenjeza kuti amatenga miyezi iwiri kapena itatu asanaonetse mphamvu yake, koma akhoza kutsitsa maselo oyera a magazi msanga munthu asakumva kalikonse. Choncho poyamba ndinkapereka magazi pafupipafupi kuchipatala cha boma ku Kasungu, zotsatira n'kuzilemba m'buku langa la kuchipatala, ndipo ku Lilongwe ndinkapita nalo pa tsiku la kiliniki, kulawira m'bandakucha kukadikira minibasi pamsewu. Patsamba loyamba la bukulo namwino analemba ndi zilembo zikuluzikulu mayina a mankhwala anga, n'kuwonjezera kuti ndisapatsidwe allopurinol, komanso Bactrim asandipatse popanda kufunsa, popeza onsewa akakumana ndi azathioprine amatha kugwetsa magazi koopsa.

Kunyumba zinthu zinasintha kukhitchini. Madzi a pamjigo timathira Waterguard kapena kuwiritsa, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unali utatiphunzitsa kale zimenezi. Ndinasiya mkaka wosawiritsa ndi chambiko chopangidwa nawo chifukwa cha mabakiteriya a Listeria, ndinasiyanso mazira osapsa bwino ndi kanyenya wa pamsika chifukwa cha Salmonella. Kusiya kanyenya kunandivuta, ndipo n'kumene ndinapunthwa.

M'mwezi wachinayi, pobwera kumaliro, ndinadya nyama yootcha pamalo ena okwerera basi. Patapita masiku awiri ndinayamba kutsekula m'mimba, thupi likuphwanya, ndipo kachipangizo koyezera kutentha kamene anandilangiza kugula kanasonyeza 38.4. Maganizo anga oyamba anali akuti matenda anga ayambiranso, moti ndinatenga botolo la prednisolone kuti ndiwonjezere mapiritsi. Mayi a kunyumba anandilanda botololo m'manja n'kunena kuti, "Bambo, adokotala anati thupi likafika 38 tizipita kuchipatala tsiku lomwelo." Anali kunena zoona. Kutsekula kobwera ndi mabakiteriya kumafanana ndendende ndi kuyambiranso kwa zilonda, koma mankhwala ake ndi otsutsana, ndipo kuwonjezera prednisolone pamene mabakiteriya ali m'kati kuli ngati kuthira parafini pamoto. Komanso prednisolone amabisa kutentha kwa thupi, kotero munthu amaoneka wopepukidwa pamene matenda akula.

Kuchipatala ndinayamba ndaonetsa tsamba loyamba lija. Anandiyeza malungo ndipo sanawapeze, ndiye anatenga chimbudzi ndi magazi, anandigoneka, n'kuyamba kundibaya ceftriaxone. Azathioprine anandiimitsa kaye, koma prednisolone anati ndipitirize, chifukwa kumusiya mwadzidzidzi munthu atamumwa nthawi yaitali kumagwetsa thupi. Zotsatira zitabwera zinasonyeza Salmonella. Adokotala anandikumbutsanso kuti chizolowezi changa chakale chogula maantibayotiki mwachisawawa n'choopsa kwambiri kwa munthu wa matenda anga, popeza chimapha mabakiteriya abwino a m'matumbo n'kusiyira malo mabakiteriya ena oipa otchedwa Clostridioides difficile, amene amakonda anthu a zilonda za m'matumbo.

Ndinatuluka patatha sabata, ndipo azathioprine ndinayambiranso magazi atasonyeza kuti maselo oyera ali bwino. Isoniazid ndinamaliza miyezi yake 6, prednisolone tinamuchepetsa pang'onopang'ono mpaka kumusiya, ndipo tsopano ndimapereka magazi pa miyezi itatu iliyonse. M'kalasi mwana akamatsokomola masabata awiri ndimatsekula mawindo onse n'kutumiza uthenga kwa makolo ake kuti akamuyezetse, ndipo buku la kuchipatala ndimayenda nalo m'chikwama chimodzi ndi maphunziro a tsikulo.