Lipoti la ulendo wa ku Aligarh: kulondola ntchito ya Pulofesa Irfan Habib

Gulu lathu la aphunzitsi a mbiri yakale linapita ku India ndi cholinga chimodzi: kukaona ku Aligarh komwe a Irfan Habib, katswiri wa mbiri yakale wa ku India, anagwirira ntchito, ndi kumvetsa mmene anawerengera chuma cha ufumu wa a Mughal, umene kale unkalamulira mbali yaikulu ya India. Kuchokera ku Delhi kukafika ku Aligarh pa sitima ndi ulendo wa maola awiri kapena kupitirira pang'ono. Ofuna kupita asankhe miyezi ya pakati pa Novembala ndi Febuluwale, chifukwa mu Meyi ndi Juni kutentha kumadutsa madigiri 40.

Aligarh Muslim University inayamba ngati sukulu ya Sir Syed Ahmad Khan mu 1875, n'kukhala yunivesite mu 1920. A Habib, omwe anabadwa mu 1931, anaphunzira pomwepa. Bambo awo, a Mohammad Habib, analinso katswiri wa mbiri pa sukulu yomweyi. A Irfan Habib anakatenga digiri ya udokotala wa mbiri yakale ku Oxford, ndipo kafukufuku wawo ndi amene anadzatuluka mu 1963 monga buku la The Agrarian System of Mughal India, 1556–1707, lomwe analikonzanso mu 1999. Anakhala pulofesa ku Aligarh kuyambira 1969 mpaka 1991.

Nthawi yambiri tinaithera pa kaundula wa msonkho wa m'buku la Ain-i-Akbari, limene Abul Fazl analembera Mfumu Akbar cha m'ma 1595. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse ya a Habib. Ndondomeko ya msonkho, yotchedwa zabt, inkayenda motere. Munda unkayezedwa mu bigha, ndipo bigha imodzi ya nthawi ya Akbar inali pafupifupi maekala 0.6. Poyamba ankayezera chingwe, koma chingwe chikanyowa chimafupika, chikauma n'kukokedwa chimatalika, choncho woyeza wadyera ankabera mlimi kapena boma mosavuta. Akbar analamula kuti aziyezera nsungwi zolumikizidwa ndi mphete zachitsulo. Kenaka minda inkagawidwa panayi: polaj wolimidwa chaka chilichonse, parauti wogonetsedwa kanthawi kochepa, chachar wosiyidwa zaka 3 kapena 4, ndi banjar wosalimidwa zaka 5 kapena kuposa. Pa munda wolimidwa ankaphatikiza zokolola za nthaka yabwino, yapakati ndi yoguga, n'kugawa patatu kuti apeze mlingo wapakati. Gawo limodzi mwa atatu la mlingowo linali la boma. Kuyambira 1580 gawolo linkasandutsidwa ndalama potengera mitengo ya zaka 10 zapitazo, ndipo linkalembedwa mu dam. Madam 40 ankapanga rupee imodzi.

Wophunzira watsopano amapunthwa pawiri. Koyamba, manambala a m'kaundula wa Chiperisiya analembedwa m'zizindikiro zapadera za alembi a zachuma, ndipo okopera ankazisokoneza. N'chifukwa chake a Habib sanadalire buku losindikizidwa lokha. Anayerekeza ndi mipukutu yakale yolembedwa pamanja. Kachiwiri, jama ndi msonkho woyembekezeredwa, pamene hasil ndi umene unatoleredwadi. Wosokoneza ziwirizi amaulemeretsa ufumuwo kuposa mmene unalili. Tikupempha aliyense wophunzitsa mutuwu kuti azitsindika mfundo imeneyi.

Chimene a Habib anapeza n'chowawa. Akuluakulu a ufumu sankalandira malipiro okha m'manja; ambiri ankapatsidwa jagir, dera loti azitolerako msonkho, ndipo pakatha zaka 3 kapena 4 ankawasamutsa. Munthu wodziwa kuti sakhalitsa saganiza za mawa la mundawo, amafinya mlimi mpaka dontho lomaliza. A Habib anaonetsa kuti m'madera ambiri msonkho unkafika cha pa theka la zokolola. Alimi anayamba kuthawa minda, ena n'kulowa m'magulu oukira monga a Satnami a mu 1672 ndi a Jat. Kwa a Habib, apa ndi pamene ufumu unayambira kugwa. Si onse anavomereza. Katswiri wina wa mbiri, a Muzaffar Alam, mu 1986, anaonetsa kuti madera ngati Awadh ankatukuka pamene likulu linkafooka. Ife tinaona kuti mfundo ziwirizi ziyenera kuphunzitsidwa limodzi, ngakhale ya a Habib ndiyo inaika mlimi pakati pa nkhani yomwe kale inali ya mafumu ndi nkhondo zawo.

Mu laibulale ya yunivesiteyi, yotchedwa Maulana Azad, tinaonanso buku la mapu la a Habib, An Atlas of the Mughal Empire, la 1982. Dera lililonse lili ndi mapu awiri, a malire a ulamuliro ndi a chuma, oonetsa mbewu, migodi ndi misewu ya malonda. Wofuna kuona zolembedwa pamanja apemphe chilolezo asananyamuke.

Tinatsiriza ndi Fatehpur Sikri, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Agra, likulu la Akbar kuyambira 1571 mpaka 1585. Amene akukonza ulendo wotere aike malowa pambuyo pa Aligarh, chifukwa wophunzira amene wadziwa kale zabt ndi jagir amatha kulongosola yekha kumene kunachokera ndalama zomangira nyumba za miyala yofiirazo.