Ngozi zimene zimadikira kuti uweruke

Pa kosi ya zowotcherera imene ndikuphunzira kuno ku Lusaka, anzanga ambiri amaona phunziro la chitetezo ngati lotayitsa nthawi. Aliyense akufuna agwire rodi (kandodo kowotcherera) msanga, ayambe kupanga mageti ngati aja amawaimika m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga. Kupsa ndi chitsulo chamoto palibe amene amafuna kuuzidwa, dzanja limathawa lokha. Zimene zandidetsa nkhawa ine ndi ngozi zimene masana sizipweteka n'komwe.

Yoyamba ndi ya maso. Kuwala kwa moto wowotcherera kuli ndi cheza chosaoneka cha UV chimene chimapsereza pamwamba pa diso. Nthawi yomweyo sumva kanthu. Pakapita maola 6 mpaka 12, kawirikawiri pakati pa usiku, maso amafiira, misozi ili chuchuchu, m'kati mukumveka ngati wina wathiramo mchenga. Magalasi a dzuwa ogula pa msika wa Soweto sateteza, kutsinzina kapena kuyang'ana kumbali ndiye ayi ndithu. Pogwiritsa ntchito rodi pamafunika helimeti ya galasi lakuda la nambala 10 mpaka 13, malinga ndi mphamvu ya moto. Ndipo taonani m'mashedi ambiri: helimeti ndi imodzi, amavala bwana, pomwe mnyamata wogwirizira chitsulo nkhope ili pamtunda. Ana a m'komboni nawonso amaima pafupi n'kumaonerera. Zoika mbatatesi m'maso zija zimangoziziritsa. Maso akavuta n'kupita ku kiliniki, chifukwa mwina mwalowanso kachitsulo ka galainda.

Yachiwiri ndi utsi, ndipo apa aphunzitsi athu anachedwapo. Mapaipi ndi malata okutidwa ndi zinki amatulutsa utsi woyera ukamawotcherera. Ukaupuma, madzulo thupi limaphwanya, kuzizidwa, mutu, kutentha thupi, ndendende malungo. Munthu amathamangira mankhwala a malungo, ndipo poti vutoli limatha lokha pa tsiku limodzi kapena awiri, amati mankhwala agwira. Lolemba ali pa utsi womwewo. Akuluakulu ena pa ntchitoyi amalumbira kuti kapu ya mkaka imatsuka zonse. Ndimawalemekeza, koma mkaka umapita m'mimba pamene utsi uli m'mapapo. Mu 2017 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika utsi wowotcherera m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Chothandiza ndi kupala zinki pamalo powotcherera, kugwira ntchito popita mphepo, mutu kuuchotsa mu utsi, ndi kuvala chosefera mpweya chenicheni, osati kansalu komanga pamphuno.

Zina ndi zachidule. Makina akangoyatsidwa, pa chogwirira rodi pamakhala magetsi a mavolti 50 mpaka 80 ngakhale usakuwotcherera, ndiye nthawi ya mvula magolovesi onyowa ndi pansi pa matope zikhoza kupha. Malaya a nayiloni amasungunukira pakhungu, bola ovolosi ya thonje. Mgolo umene munali petulo umaphulika ngakhale ukuoneka wouma.

Mu 2010 Zambia inakhazikitsa lamulo la Occupational Health and Safety Act, lopereka kwa wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake. Koma ambiri a ife tikamaliza tikatsegula kashedi kathu, ndiye wolemba ntchitoyo tikhala ife tomwe. Pa pepala la zida zimene ndikusungira ndalama ndalembapo mahelimeti awiri, ina ya amene azidzandigwirira chitsulo. Galainda yaikulu iyambe yadikira.